Maboya a sanctuary adulidwa kachiwiri, aprojekiti akufuna lipoti Lachisanu

Wakugombe: Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Kwabwera timu ya projekiti ina yobwezeretsa chambo, dzina sinditchula. Anafika ndi GPS, anayeza malo oswanirana, naponya maboya osonyeza malire a sanctuary, malo oletsedwa kuphamo nsomba. Ife anatiitana tsiku loponyalo basi. Ku DEC (komiti ya akuluakulu a maofesi paboma) sanadutse, ku ADC (komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu) sanadutse, agulupu anangomva injini panyanja. Lero m'mawa ndapeza zingwe zitatu zadulidwa ndi chikwanje, kachiwiri mwezi uno, boya lina ana akusambira nalo. Kuwonjezera apo a BVC (komiti ya pagombe yoyang'anira usodzi) Loweruka analanda maneti awiri a udzudzu ndi neti imodzi ya monofilament mkati mwa sanctuary. Zili kuchipinda kwa atcheya a BVC ndipo eni ake akumagogoda pakhomo usiku. Bylaw yathu, lamulo la khonsolo, ikadali draft. Tsopano aprojekiti akuti ndilembe lipoti pofika Lachisanu lofotokoza chifukwa chomwe enforcement yalepherera. Ndiyambire pati? Nyanja itsekedwa pa 1 Novembala, masiku atha.

Mayi wa planning: Achimwene, choyamba chotsani manetiwo kwa atcheya lero lomwe, musadikire Lachisanu. Lembani tsiku, malo, mtundu wa neti, mboni ziwiri zisaine, zipite ku ofesi, apolisi adziwe. Neti ya udzudzu ndi yoletsedwa kale, sikudikira bylaw. Koma malire a sanctuary ndi nkhani ina. Popanda bylaw yodutsa ku full council n'kuvomerezedwa ndi nduna monga ifunira Local Government Act ya 1998, munthu wogwidwa ndi machera ololedwa m'katimo mulibe pomugwira. Atcheya asayerekeze kulipiritsa faindi.

Wa ku Namiasi: Inu mukuvutika ndi zingwe. Vuto ndi matrola. Mukulanda neti ya udzudzu ya mayi wofuna ndiwo, chikhalirecho matrola akukokera kufupi ndi gombe komwe saloledwa, usiku, aliyense akuona. Msodzi wa bwato alemekeza bwanji boya?

Mkulu wopuma: Mwana wanga, zimene ukunenazi ndinazionapo ku Malombe. M'ma 1980 chambo chinkatuluka matani masauzande m'nyanja imene ija. Pofika kumayambiriro kwa ma 1990 chinali chitapita, kwatsala kambuzi. Maneti a nkacha anakokolola udzu wonse wapansi, kasawala (ana a chambo) n'kusowa pobisala. Ndiye mu 1993 tinayamba za ma BVC ku Malombe ndi ku Upper Shire. Cholakwa chathu chachikulu ndikuuze: tinasankhitsa makomiti ngati kuti mafumu kulibe. Gombe lina tinafika ndi galimoto, tapeza amfumu akhala pansi pa mtengo wa mango, nsomba za mawe, zomwe asodzi amapereka kwa mfumu, zili m'beseni pambali pawo, sanatiyang'ane n'komwe. Anangoti, "Komiti yanuyo ikalamulire kunyanja kwanu." Miyezi ingapo palibe chinayenda mpaka tinabwerera kukapepesa. Zingwe zako sizikudulidwa ndi anthu odana ndi chambo. Akudula ndi anthu amene sanafunsidwe, ndipo mwina boya lina lakhala pakhoka pa munthu pomwe ankakokera agogo ake. Unafunsa?

Wakugombe: Ambuje sindinafunse, mapu anandipatsa atatha kale. Koma zoona, boya lakumwera lili pafupi ndi pomwe amakokera a chilimila akamabwerera.

Mkulu wopuma: Ndi pomwepo. Usaponyenso boya lina agulupu asanakwere bwato n'kuloza okha ndi dzanja.

Wa ku Namiasi: Agulupu aloze, chabwino. Nanga trola aliloza ndani?

Mayi wa planning: Za lipotilo samalani. Musalembe mawu oti enforcement yalephera n'kusaina dzina lanu, pepala limenelo lipita kwa odona ndipo lidzakubwererani. Lembani zomwe zachitika ndi masiku ake, muwonjezere kuti malowo sanadutse ku VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi), ADC ndi DEC. Kenako apempheni abwere ku DESC, komiti ya zachilengedwe ya paboma, adzafotokoze. Anthu a sayansiwa nthawi zambiri si amwano, amangokhala ndi kalendala ya odona, ndipo sadziwa kuti chinthu chikapanda kulowa mu DDP, pulani ya chitukuko ya boma lathu, projekiti ikatseka palibe ndalama ya mu bajeti yogulira ngakhale chingwe chimodzi. MoU, mgwirizano wolembedwa ndi aprojekiti, inene poyera: mafuta a patrol agula ndani, maboya akonza ndani, data ya kasawala ikhala kwa ndani iwo akapita. Ineyo ndinaonapo timu ina itanyamuka ndi laputopu, ife kutsala ndi chikwangwani chokha.

Wankhalango: Kumtunda kuno n'chimodzimodzi. African Parks inatenga Liwonde mu 2015, nkhalango ya Mangochi inawonjezeredwa mu 2018, ndipo ntchito yaikulu si mpanda, ndi misonkhano ya m'midzi. Njovu ikadya chimanga munthu sathamangira kwa wasayansi, amapita kwa khansala ndi kwa mfumu. Ife tili ndi waya, inu pamadzi mulibe. Mlonda wanu ndi msodzi yemweyo. Komanso musalonjeze ma allowance pa msonkhano woyamba. Tinalakwitsapo pamenepo kwinakwake, msonkhano wachitatu kunabwera anthu asanu okha atamva kuti kulibe kanthu.

Wa ku Monkey Bay: Ndiwaikireko kumbuyo pang'ono aprojekitiwo. Changu chawo chili ndi chifukwa. Mu 2018 IUCN, bungwe la padziko lonse loona za chilengedwe, inaika mitundu itatu ya chambo pa gulu la zotsala pang'ono kutheratu, ndipo lidole, umodzi mwa mitunduyo, ambiri a ife sitinaione zaka zambiri. Yaimuna imakonza chisa pamchenga m'madzi osaya, yaikazi imasunga ana m'kamwa, ndiye khoka limodzi nyengo ino lapha mayi ndi ana omwe. Malo anasankhawo mwina ndi olondola ndithu. Musalole kuti pokambirana boya lisunthidwe mpaka kuchoka pa zisa, mudzatsala ndi sanctuary yopanda nsomba. Tengani asodzi akale awiri akaone okha. Kuno ku Lake Malawi National Park malire oletsa usodzi a mamita 100 kuchokera kugombe alipo kuyambira kale, paki inakhazikitsidwa mu 1980, koma mpaka lero timakambiranabe ndi a ku Chembe.

Wa ku Namiasi: Ndabwerezanso. Chisa chomwecho trola ikadutsa usiku umodzi chatha. Aprojekitiwo ngati ali ndi ndalama agule mafuta a boti la patrol, osati maboya. Ine ku msonkhano wa BVC sindingaime n'kunena za neti ya udzudzu, amandifunsa za matrola ndipo ndilibe yankho.

Mayi wa planning: Bambo, nkhani ya matrola ndi ya laisensi, ili ku likulu, bylaw ya khonsolo siyingaithetse. Ilembedwe mu minitsi za DESC ipite kumtunda. Mnzathuyu wafunsa za Lachisanu.

Wa ku Namiasi: Minitsi zimenezo talemba kangati?

Mkulu wopuma: Ku Mbenji ku Salima amatseka chilumba Disembala mpaka Epulo popanda boya lililonse, mawu a mfumu okha. Pitani mukaone muli ndi agulupu anuwo. Koma musakatengere zonse, kuja ndi chilumba, asodzi amachoka onse. Gombe lokhala anthu ndi lina.

Wakugombe: Ndamva. Maneti ndikawatenga masana ano ndikapeza njinga. Kwa agulupu ndipite ndekha kaye kapena ndi aprojekiti?

Wankhalango: Nokha kaye, ndipo musavale yunifolomu. Kodi alipo ali ndi MoU yakale yoti mnzathuyu aonereko? Yanga ndi ya nkhalango, siyingagwire.

Wa ku Namiasi: Mu MoU imeneyo muikemo mafuta.