Gulu la Chitukuko cha Kwathu: Nkhani ya kapurojekita ka ku CDSS

Wapampando: Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ija tinaisiya panjira Lamulungu tiyimalize. Ndalama zatsala titakonza mjigo zija, achimwene a ku Leeds akuti tigulire ana a ku CDSS purojekita. Achimwene, fotokozani bwino poti ena sanalipo.

Achimwene a ku Leeds: Zikomo a Chair. Sindikunena chimakina chija timachiona mu holo pa maseminala ayi. Masiku ano kuli timapurojekita tating'ono ngati chitini cha Fanta. Kampani ya Anker inatulutsa ka Nebula Capsule mu 2017, kowala 100 ANSI lumens basi (ma lumens ndi muyeso wa kuwala kwa purojekita). Mu 2023 anatulutsa Capsule 3 Laser, kowala 300, zithunzi zake za 1080p, ndipo batire lake limatha maola awiri ndi theka. Kamadzikonza kokha fokasi, ngakhale mutakaika mopendekeka chithunzi chimawongoka chokha. Kutchaja ndi USB-C, ngakhale pawa banki ikuluikulu imatha.

Mlembi: Nanga ya Samsung ija ndinaiona pa Facebook?

Achimwene a ku Leeds: Freestyle, ya 2022. Ndi yabwino koma ilibe batire m'kati mwake, mumagula padera. Kumudzi kuja siingatithandize.

Aphunzitsi opuma: Ndaphunzitsa zaka zambiri m'makalasi a malata, ndiye mundilole ndifunse. Purojekita ya m'kalasi imakhala ya 3,000 lumens kapena kuposa, ndipo ngakhale imeneyo masana timatchinga mawindo. Nanga 300 idzaonetsa chiyani 10 koloko m'mawa mu October, dzuwa likulowera m'njerwa za mabowo zija? Ana a kumbuyo adzangoona khoma loyera.

Achimwene a ku Leeds: Aphunzitsi mukunena zoona, masana sikangathe. Ine ndimaganiza za madzulo, ana a Fomu 4 akamawerenga pokonzekera MSCE. Sukulu ija ilibe labu. Mwana amalemba mayeso a Biology asanaonepo mtima ukugunda, amangouloweza pa bolodi.

Msungichuma: Mtengo, abale. Tisamakambe zokoma osatchula mtengo.

Achimwene a ku Leeds: Katuluka kumene kanali pafupifupi madola 800.

Msungichuma: Eee! Musanawerengere msonkho ndi kutumiza? Ndalama yathu siifika ngakhale theka. Ndipo ana a Fomu 1 akukhalabe pansi. Madesiki angati amenewo?

Mjomba wa ku Joni: Kuno ku Johannesburg m'mashopu a ku tawuni muli otchipa kwabasi, pabokosi alemba 9,000 lumens. Ndikhoza kubwera nako pa basi mu December, msonkho ndi nkhani ina.

Achimwene a ku Leeds: Mjomba, manambala a pabokosi amenewo ndi nthano. Pakapanda kulembedwa ANSI kapena ISO, yomwe ndi miyeso yovomerezeka, musakhulupirire. Kampani ya mapurojekita ya Epson inachita kukasumira makampani angapo ku America chifukwa chokokomeza kuwala kwa mapurojekita awo. Ndinagulapo kamodzi kotere, ana anga anaonera katuni kawiri, fani yake ikulira ngati chigayo, lero kali m'kabati.

Mayi a ku Ndirande: Ine nkhani ya ma lumens sindikuidziwa, ndisaname. Koma mukamati madzulo, mwaganizira atsikana ochokera kutsidya kwa mtsinje? Purojekita ikufuna mdima, ndiye kuti ayamba cha m'ma 6 koloko, kuweruka 8 koloko. Abwerera ndi ndani? Ine ndinayenda njira imeneyo, ndikuidziwa. Mapeto ake oonera adzakhala anyamata okhaokha ndi ana a aphunzitsi.

Aphunzitsi opuma: Pamenepo mayi mwalasa. Komatu pali chipinda chija chinali sitolo ya mabuku, chili ndi zenera limodzi. Kutchinga ndi bulangeti, khoma n'kulipaka laimu, masana omwewo mukhala mdima wokwanira. Mungalowe ana 20 kapena 25, azisinthana Loweruka.

Mlembi: Netiweki kumene kuja imapezeka pachulu chokha. Azionera chiyani?

Achimwene a ku Leeds: Mavidiyo timaika pa fulashi kapena pa foni, osadalira intaneti. Ubwino wina, ka LED kapena laser sikafuna kusintha babu. Amati kamafika maola 20,000 mpaka 30,000, pamene babu la zakale zija likapsa patatha maola masauzande ochepa, mtengo wake umakukhazika pansi. Magetsinso kamadya ochepa, sola ya ku ofesi ya ahedi ikhoza kukatchaja.

Msungichuma: Nanga wosunga ndani? Chinthu cholowa m'thumba la jekete chimatulukanso pa geti mosavuta. Mukukumbukira mipira ya netibolo ija?

Mjomba wa ku Joni: Kapena mudzakapeza pa msika kakuonetsa mpira wa ma Flames, pakhomo akulipiritsa.

Wapampando: Mjomba, tisanamizire anthu zomwe sanachite. Koma funso la a Treasurer ndi lolemera, pafunika komiti ya sukulu isayinire.

Mayi a ku Ndirande: Ahedi ndi aphunzitsi a sayansi tawafunsa? Tikungogawana chinthu eni ake asanachipemphe.

Mlembi: Sitinawafunse, mayi.

Achimwene a ku Leeds: Ndiye titere. Mnzanga wa kuntchito ali nako, ndimubwereka ndikamabwera pa Khirisimasi. Tikakayese m'chipinda chija masana, aphunzitsi alipo, ana akhale mpaka kumbuyo. Kakalephera, ine ndidzakhala woyamba kuvotera madesiki.

Msungichuma: Ndalama zikhale ku akaunti mpaka nthawi imeneyo. Ndipo amene simunapereke za September, Mpamba ndi Airtel Money zonse zikugwira ntchito.

Wapampando: Tagwirizana. A Secretary, mawa muwaimbire ahedi, muwafunsenso ngati sola ija batire lake likadali moyo.

Aphunzitsi opuma: Muwafunsenso za kiyi wa chipinda chija. Ulendo watha ndinapeza asungamo matumba a chimanga.