AppArmor ikulemba DENIED pa base image ya ma VM anga, ndizisiye kapena pali vuto?

Akuluakulu a Linux muno ndithandizeni. Ndili ndi seva ya Ubuntu, KVM ndi libvirt (mapulogalamu oyendetsera ma VM), ndipo AppArmor ndi amene amaletsa mapulogalamu kufika pomwe saloledwa. Ma VM (makompyuta oyerekeza a mkati mwa seva) onse amawerenga base image imodzi ya qcow2 yomwe ndi read-only, aliyense ali ndi ka overlay kake komwe amalembamo. Base yo ili mu /srv/images osati mu /var/lib/libvirt/images. Ma VM akuyaka bwinobwino koma ndikayang'ana dmesg ndikupeza apparmor="DENIED" operation="open" pa base yomweyo, denied_mask="w". Chikundidetsa nkhawa nchoti qemu, pulogalamu yomwe imayendetsa VM, ikufuniranji kulemba pa fayilo yoti ndi yongowerenga? Base imeneyi itaonongeka ma VM onse apita limodzi. Wina wandiuza ndingoika security_driver = "none" mu qemu.conf koma mtima wanga ukukana.

Yankho: Achimwene none yo musayerekeze, mukatero mwachotsa mpanda wonse, VM imodzi ikalowedwa ndi akuba palibenso profile yoletsa qemu kufika pa ma disk a anzake. DENIED wa "w" pa base akutanthauza kuti AppArmor yagwira ntchito yake, kulembako kwakanidwa ndipo base yanu ili bwino. Wodetsa nkhawa ndi DENIED wa "r" (kuwerenga) kapena "k" (lock), chifukwa kuyambira QEMU 2.10 ma image amakhomedwa ndi lock, "k" akakanidwa VM siyaka nkomwe.

Yankho: Tsegulani /etc/apparmor.d/libvirt/libvirt-UUID.files ya VM imodzi muone. virt-aa-helper, pulogalamu ya libvirt yomwe imalemba fayiloyi, ikazindikira kuti disk ndi read-only imalemba rk kenako mzere wa deny w pansi pake, deny ameneyo ndi amene amatontholetsa log. Kodi base yanu ikuoneka mmenemo?

Wofunsa: Overlay ilipo koma base mulibe, imawerengeka chifukwa cha mzere wa rk womwe uli mu local/abstractions/libvirt-qemu. Ndingowonjezera pamanja mu .files mo?

Yankho: Ayi bwana, fayilo imeneyo imalembedwanso nthawi iliyonse VM ikayaka ndiye zanu zifufutika. Ine ndikukayikira virt-aa-helper yeniyeniyo, nayo ili ndi profile yake ndipo ikalephera kuwerenga image siingadziwe kuti kuseri kuli base. Ipatseni r pa /srv/images mu /etc/apparmor.d/local/usr.lib.libvirt.virt-aa-helper, pangani apparmor_parser -r pa profile ya virt-aa-helper kuti iwerengedwenso, VM muizimitse kaye nkuyatsanso, reboot ya mkati siikwanira.

Wofunsa: Zikomo kwambiri, ndiyesa usiku ogwiritsa ntchito akaweruka. Nanga tsiku lomwe ndidzafune blockcommit (kuphatikiza za mu overlay kulowa mu base), poti pamenepo base imayenera kulembedwa, deny w uja sadzanditsekereza?