Tingafunsane zotani kuti macheza asathere pa moni ndi mitengo ya zinthu?

Wofunsa wa ku Zingwangwa

Ndikupempha nzeru kwa inu nonse. Amalume anga, achimwene awo a mayi anga, abwera kuchokera ku Thyolo ndipo akhala nafe miyezi iwiri pamene akulandira thandizo kuchipatala. Ndi munthu wa zaka zopitirira 70. Madzulo aliwonse timakhala pakhonde awiriwiri, koma macheza athu satalika: ndimawafunsa mmene aswerera, amayankha kuti aswera bwino, kenaka timadandaula za mtengo wa shuga ndi feteleza, timanenapo za chiperoni chimene chaphimba phiri la Soche, ndipo ngati Maule kapena Manoma asewera tsiku limenelo, macheza amatalikirako pang'ono. Zikatha izi timangoti duu, ine maso pafoni, iwo khutu pawayilesi.

Chikundipweteka n'chakuti awa ndiwo eni mbumba kwathu, ndiwo anandilipirira sukulu ya sekondale, koma za moyo wawo ndikudziwa zochepa kwambiri. Ndiwafunse zotani kuti ticheze zozama popanda kuoneka ngati mwana wopanda mwambo amene akufufuza akuluakulu? Funso lomweli ndili nalonso pa anzanga a kuntchito, amene takhala nawo ofesi imodzi zaka zisanu koma timangodziwana mayina ndi matimu amene timachemerera.

Mphunzitsi wopuma wa ku Chilomoni

Achimwene, choyamba musanyoze moni ndi nkhani za mitengozo, chifukwa ndi khomo lolowera m'nyumba. Kumudzi mlendo akafika amapatsidwa mpando, amapuma, ndipo pambuyo pake ndi pamene pamabwera malonje, pamene amafotokoza mmene wasiyira kwawo, amene akudwala, mmene mvula yagwera ndi zimene waona m'njira. Ife a m'tauni tadula malonjewo n'kutsala ndi mawu awiri okha, ndiye tikudabwa kuti macheza sakuyenda.

Munthu wa msinkhu wa amalume anuwo musamufunse za mumtima mwake mwachindunji. Mukati, "Amalume, chimene chimakudetsani nkhawa pa moyo n'chiyani?" adzaseka n'kukuuzani kuti zonse n'za Mulungu, ndipo nkhani idzathera pomwepo. Afunseni za malo, za chaka, za chinthu chogwirika, ndipo zamumtimazo zidzatuluka zokha. Mwachitsanzo, tsiku lina mukamadutsa nawo pa Wenela, afunseni ngati akudziwa kumene dzinalo linachokera. Linachokera ku bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya kumigodi ya ku South Africa, ndipo amuna ambiri a msinkhu wawo anapitako kapena anaperekeza abale awo, mpaka pamene boma linaimitsa ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi ambiri amene ankabwerera kwawo. Funso lotsatira likhale lakuti, "Ndani wa kwathu anapita, ndipo anabwerako ndi chiyani?" Pamenepo mudzamva za njinga, za masutikesi, za mabanja amene anatha, ndi za matchona amene sanabwerenso.

Mungawafunsenso kumene anali pa 14 June 1993, tsiku la riferendamu, ndi zimene ankaganiza ali pamzere, kapena ndalama yoyamba imene anaigwira ngati inali ya mapaundi ndi mashereni kapena ya kwacha, popeza kwacha inayamba mu 1971. Koma mudziwe kuti anthu a m'badwo wathu tinakula nthawi ya chipani chimodzi, pamene mawu olankhula pamowa kapena m'basi ankatha kumutengera munthu kundende osazengedwa mlandu. Tinaphunzira kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Chizolowezi chimenecho sichinathe mwa ambiri a ife, choncho akayamba ndi kuyankha mwachidule musaganize kuti akukukanani. Bwerezani tsiku lina.

Mayi wa ku Ndirande

Ndikugwirizana ndi aphunzitsi, koma ndionjezepo mbali imene abambo amaiwala. Nkhani zozama sizikonda anthu oyang'anizana maso ndi maso ngati pabwalo la milandu. Ine zonse zimene ndikudziwa za mayi anga ndinazimva tikutongola chimanga, tikusadzula nkhwani kapena tikuchapa, manja ali pantchito, maso ali pansi. Pamaliro n'chimodzimodzi: amayi akagona m'nyumba ya siwa, pakati pa usiku nyimbo zitaleka, amauzana zinthu zimene sangazinene masana. Choncho m'malo mongokhala pakhonde, apatseni amalume mtedza asende, kapena muyende nawo pang'onopang'ono, muone ngati pakamwa sipatseguka.

Chachiwiri, si funso lililonse lolowa m'kati limene lili lozama. Ena amaganiza kuti akucheza zakuya pamene akungobaya mnzawo. Kufunsa mkazi kuti bwanji sanabereke mpaka lero, kufunsa mnyamata kuti akwatira liti, kufunsa munthu malipiro ake kapena matenda amene akumwera mankhwala, uku ndi kufufuza, ndipo munthu wofunsidwa chotere sadzakuuzaninso kanthu. Chimodzimodzi anthu amene anataya abale ndi nyumba pa namondwe wa Freddy mu March 2023, makamaka ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche. Ndinaona anthu akuwafunsa kuti afotokoze mmene matope anabwerera usiku uja, ngati kuti ndi nthano. Mayi wina amene timapemphera naye anandiuza kuti funso lokhalo limene linamupepuza linali lakuti, "Mwana wanu uja ankakonda chiyani?" Analankhula nthawi yaitali, akulira ndi kuseka, chifukwa anapatsidwa mpata wokamba za moyo wa mwanayo pamene ena onse ankangofuna kumva za imfa yake.

Kwa amalume anuwo ndingayambe ndi funso lakuti, "Mayi anga ali mtsikana anali munthu wotani?" Mlongo sakana kukamba za mlongo wake, ndipo pokamba za iwo adzakamba za iwo eni.

Wachinyamata wa ku Limbe

Akuluakulu ayankha bwino za amalume, koma mbali ya anzathu a kuntchito yatsala, ndipo pamenepa ndikusiyana pang'ono ndi aphunzitsi. Pakati pa anthu a msinkhu umodzi kuzungulira kwambiri kumangotayitsa nthawi. Ambiri a ife tikufunitsitsa kufunsidwa mwachindunji, koma aliyense akudikira kuti ayambe ndi mnzake.

Katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, Arthur Aron, pamodzi ndi anzake anasindikiza kafukufuku mu 1997 momwe anthu awiri osadziwana ankafunsana mafunso 36 kwa mphindi 45. Mafunsowo anagawidwa m'magulu atatu, kuyambira opepuka mpaka okhudza zamumtima, ndipo onse awiri ankayankha funso lililonse mosinthana. Amene anachita zimenezi anamva kuti ayandikana kuposa amene anangocheza nkhani wamba. Mafunso akewo ena sangayende kuno, ndipo munthu wobwera ndi pepala la mafunso pa nkhomaliro angasekedwe mpaka Khirisimasi, koma mfundo ziwiri ndi zoona kulikonse: muyambe ndi zopepuka n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo chimene mwafunsa mnzanu muyankhenso inuyo. Wofunsa yekhayekha osaulula zake amaoneka ngati kazitape.

Mafunso amene andithandiza ine ndi monga awa. Ndimafunsa mnzanga kuti malipiro ake oyamba anagulira chiyani ndipo anapatsako ndani, chifukwa yankho lake limaonetsa anthu amene amawasenza pamutu. Ndimafunsa kuti ndani anamulipirira sukulu, ndipo ngati anapeza mpata womuthokoza. Ndimafunsa kuti akadzakalamba akufuna kudzakhala kumudzi kapena m'tauni, ndipo akadzamwalira akufuna kudzaikidwa kuti. Funso lomalizali limaoneka loopsa, koma mu Blantyre muno, momwe ambiri tinabadwira m'tauni pamene makolo athu anachokera ku Mulanje, ku Nsanje, ku Ntcheu kapena ku Mzimba, limabutsa mtsutso wokoma wa kumene munthu amakutcha kwawo. Tsiku lina tinakambirana zimenezi mpaka nsima inazizira. Lina ndi lakuti, "Ndi chiyani chimene makolo ako ankachita chimene iwe walumbira kuti sudzachitira ana ako, ndipo ndi chiyani chimene wapezeka ukuchita ngati iwo?"

Ndichenjezepo chimodzi: zimene mnzanu wakuuzani pa macheza otere zisakafike pa gulu la WhatsApp la kuntchito, ngakhale mwanthabwala.

Mphunzitsi wopuma wa ku Chilomoni

Mwana wanga wa ku Limbe, pa anzanu a msinkhu umodzi ndavomera. Koma funso la kumanda lija lisafike kwa amalume amene akudwala, chifukwa angaganize kuti adokotala anakuuzani zimene iwo sanauzidwe.

Wofunsa wa ku Zingwangwa

Zikomo kwambiri nonse. Dzulo magetsi atazima ndinatenga lichero la mtedza n'kukhala nawo pakhonde, ndipo ndinayamba ndi funso la mayi a ku Ndirande lija. Poyamba anangoti mayi anga anali mwana womvera, basi. Ndinakhala chete, ngakhale kuti pakamwa pankayabwa kuti ndifunse lina. Patapita kanthawi anaseka okha, n'kunena kuti kumvera kwake kunali kwa pamaso pa agogo pokha, chifukwa mayi anga ndi amene ankaba nzimbe m'dimba la eni ake, iwo n'kumakwapulidwa m'malo mwawo. Kuchoka apo anafotokoza mmene anasiyira sukulu ali Sitandade 6 kukathyola tiyi kuti mlongo wawoyo apitirize, chinthu chimene mayi anga sanandiuzepo.

Za ku Wenela ndinafunsa mochedwa, tikulowa m'nyumba. Anaima pakhomo n'kunena kuti iwo sanapite, koma mkulu wawo anapita, ndipo nkhani imeneyo ndi yaitali, tidzakambe mawa tikabwera kuchipatala. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti anali ndi mkulu wawo.