Galu wanga walusa ndi tcheni, ndingakam'masulire kuti kuno ku Dedza?

Wofunsa: Abale a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala pa Dedza boma, nyumba ya lendi, bwalo lake ndi lochepa. Ndili ndi galu wamphongo wa miyezi 10, ndinam'tenga ali kamwana. Amakhala pa tcheni usana wonse chifukwa aneba ali ndi nkhuku komanso ana. Kale anali wamasewera koma pano wasintha. Pomwe ndimam'mangirira pachita kanjira kozungulira ndi kuyendayenda kwake, ubweya wa m'khosi wasosoka, usiku amangouwa mpaka alandilodi andiitana kawiri. Dzulo wang'amba chitenje cha mayi wina amene anangobwera kudzatsatsa kachewere. Manyazi ake!

Achimwene anga a ku Johannesburg ananditumizira vidiyo pa WhatsApp ya ku Emmarentia, komwe anthu amapita ndi agalu n'kuwamasula kuti athamange. Akuti galu akasewera ndi anzake amabwerera kunyumba atatheratu, sauwa chisawawa, ndipo amazolowera anthu achilendo. Eni agalu nawonso amacheza n'kugawana nzeru. Ine zandilowa m'mutu. Kodi ndizipita naye m'nkhalango ya paini ya m'phiri la Dedza Loweruka m'mawa? Kapena tigwirizane anthu anayi, titchinge poloti ya mnzanga yomwe sanayambe kumangapo?

Membala wina: Kkkk bwana, agalu a ku Joni amadya soseji. Wanuyo wa madeya angofuna fupa basi.

Mayi wa ku Bembeke: Musaseke inu. Galu wa pa tcheni amalusadi. Wathu tinkam'manga choncho, titayamba kuyenda naye madzulo aliwonse anafatsa ngati si yemwe uja.

Mlimi wa ku Tsangano: Za kuphirizo iwalani, achimwene. Galu amene sanaonepo mbuzi akaiona ikuthawa, mudzaitana mpaka mawu kusasa. Ine mbuzi yanga ya bere inalumidwa chaka chatha, nkhani inakathera kwa amfumu ndipo mwini galu analipa. Kuphiriko kulinso anyani, ndi amayi otola nkhuni. Tchingani polotiyo.

Wokonda agalu, Ntcheu: Ganizo la mpanda ndi labwino, ndipo si la anthu olemera okha. Ku Berkeley, California, m'dziko la America, malo otere anayamba mu 1979, ndipo anayambitsa ndi anthu wamba okhala moyandikana. Koma chimene vidiyo ija sinakuonetseni ndi katemera. Kuno chiwewe chilipo, ndipo munthu chikangoyamba kuonetsa zizindikiro sachira. A WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, amati pafupifupi anthu onse odwala chiwewe amachitenga kwa agalu, ndipo kuti chileke kufala pamafunika kubaya agalu 70 pa 100 aliwonse. Ndiye galu aliyense wolowa mumpandamo abwere ndi chiphaso cha katemera, osati "ndinabayitsa kale" ya pakamwa. Palinso parvo, matenda aja osanza ndi kutsegula m'mimba magazi. Kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri, choncho tiana tosamaliza katemera tisapondemo, ndipo ndowe muziwola tsiku lomwelo. Wamkazi amene ali pa nyengo yokweredwa atsale kunyumba, apo ayi amphongo adzapwetekana. Geti muike awiri motsatizana, kuti wina akamalowa galu asapulumukire kumsewu. Waya mum'kwirire pansi pang'ono, agalu athuwa kukumba ndi ntchito yawo.

Wofunsa: Zikomo kwambiri akulu. Katemera wa chiwewe anabayidwa, koma za parvo ndikumva lero. Nanga poti waluma kale chitenje, ndingam'sakanize ndi anzake?

Wokonda agalu, Ntcheu: Osathamanga. Yambani kuyenda naye pa chingwe m'mawa ndi madzulo kwa milungu ingapo. Kenako akumane ndi galu mmodzi wofatsa, onse ali pa chingwe, pamalo poti si kwawo kwa aliyense. Mukaona mchira wauma, ubweya wa pamsana waimirira, apatuleni. Mufunsenso alangizi a ziweto za kum'thena. Mayi a kachewere aja mano sanawakhudze? Ngati anawakanda ngakhale pang'ono, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala lero lomwe.

Wofunsa: Ndinawafunsa, akuti ndi chitenje chokha, ndipo ndawagulira china. Tsopano waya wokwanira poloti ya mamita 15 kwa 20 angandidyere zingati? Alipo amene wagula posachedwa pa boma pano, kapena mpaka ku Lilongwe?