Bwanji olemba salola kuti "ayi" akhale ayi?

Nachisale:
Ndikuoneranso Glee, filimu ya pa TV ya ku America ya ana asukulu oimba, zigawo za mu 2011, ndipo pali chimene chikundinyong'onya. Blaine akuuza Kurt kuti pali mnyamata amene wamulowa mumtima, akufuna akamuimbire pa Valentine. Kurt akungomwetulira, akuyesa ndi iyeyo. Kenako gulu lonse la Warblers, lomwe Blaine ndi Kurt amaimbamo kusukulu kwawo, likukaimba musitolo ya zovala ya Gap, koma woimbiridwayo ndi Jeremiah wogwira ntchito mmenemo. Kurt ali kumbuyo, akuthandiza kuyimba, nkhope ili gwa.

Kale pamene Kurt ankafuna mnyamata wina, Finn, anali ndi podzitonthozera, poti Finn amakonda atsikana. Koma Blaine amakonda anyamata, amamwa khofi ndi Kurt tsiku ndi tsiku, ndipo sakumufunabe. Apa palibe pothawira. Ndiye bwanji patangotha milungu isanu, Kurt ataimbira kambalame kake komwalira nyimbo ya "Blackbird", Blaine n'kutembenuka mtima? Ine ndikanakonda akanangokhala mabwenzi, Kurt n'kupirira ululu wake mpaka kupola.

Dalo_M:
Achemwali, mukuiwala nthawi yake. Mu 2011 anyamata awiri okondana pa TV ya achinyamata anali osowa kwambiri. Mukanawamana chikondicho, oonera ambiri akanamva ngati akuuzidwanso kuti anthu otere mapeto awo ndi kukhala okha.

Nachisale:
Achimwene, zimenezo ndikumva. Koma vuto ndi lomwelo: mufilimu mukakhala awiri okha otere, olemba amaona ngati ayenera kukwatirana basi, kaya akugwirizana kaya ayi.

Tiya:
Ine ya Santana ndi imene inandiliza. Mtsikanayu anaimba nyimbo ya "Landslide" limodzi ndi mtsikana mnzake Brittany, kenako pakhonde la sukulu n'kumuuza poyera kuti amamukonda, misozi ili mbwembwembwe. Brittany anavomera kuti nayenso amamukonda, koma sangasiye chibwenzi chake, Artie. Kukanidwa kotero kumapweteka kuposa "sindikufuna", chifukwa chitseko amachisiya chotsegula pang'ono ndipo iwe umangodikira.

Komanso mufilimu zoimbaimba munthu sabisa kanthu. Mufilimu wamba wokanidwa amangoti zii, ife n'kumaganizira tokha. Kuno amapatsidwa mphindi zitatu zathunthu, mnzake ali pomwepo akuomba m'manja ngati nyimboyo ndi ya wina.

Dalo_M:
Koma nawonso Santana ndi Brittany anadzakwatirana mu 2015, ukwati umodzi ndi Kurt ndi Blaine. A Nachisale, mwina musaonere gawo limenelo.