Kapulogalamu ka C: fayilo imodzi ingayende pa Windows, Ubuntu ndi Raspberry Pi?

Che Saidi, Mangochi boma

Abale, ndithandizeni. Pali kapulogalamu ka C kowerengera katundu m'sitolo, kongolemba pa teminolo basi. Kanakompailidwa ndi gcc (kompaila yosandutsa makodi a C kukhala pulogalamu) pa laputopu ya Ubuntu 22.04. Kakufunika kayende pa Windows 10 kuno ku boma, pa Ubuntu 18.04 ku Namwera, ndi pa kakompyuta ka Raspberry Pi 4 ku Monkey Bay. Windows ikukana kukatsegula, ya ku Namwera ikuti "GLIBC_2.34 not found", Pi nayo ikuti "Exec format error". Ilipo njira yoti fayilo imodzi pa fulashi iyende konseko?

Mayi Asiyatu, Malindi

Achimwene, matenda apa ndi atatu, musawapatse mankhwala amodzi.

Pi ili ndi purosesa ya ARM pomwe laputopuyo ndi x86-64. Malangizo amene gcc inalemba m'fayilomo purosesa ya Pi siiwamva n'komwe. Pa Windows purosesa ndi yofanana ndi ya laputopu, koma kasanjidwe ka fayilo n'kena: Linux imawerenga ELF, Windows imafuna PE, yoyamba ndi zilembo MZ. Kusintha dzina kuti lithere ndi .exe sikuthandiza, pakuti njira yopemphera kutsegula fayilo kapena kulemba pa sikirini nayonso ndi yosiyana.

La ku Namwera ndiye losavuta. Ubuntu 22.04 ili ndi glibc (laibulale imene mapulogalamu a C amadalira pa Linux) 2.35, pomwe 18.04 ili ndi 2.27. Chokompailidwa pa glibc yakale chimayenda pa yatsopano, koma kubwerera m'mbuyo ayi. Ikani musl-tools (musl ndi laibulale ina ya C yolowa m'malo mwa glibc), mulembe `musl-gcc -static -o katundu katundu.c`. Fayilo yotulukayo yanyamula zonse m'kati mwake, siifunsanso glibc.

Bambo wa ku Mpondasi

Fayilo imodzi n'yotheka ndithu. Funani Cosmopolitan Libc ya Justine Tunney. Mukatsitsa kompaila yake, cosmocc, lembani `cosmocc -o katundu.exe katundu.c`. Chiyambi cha fayilo yake ndi `MZqFpD='`: Windows ikaona MZ imailandira ngati PE, sh (yowerenga malamulo a pa teminolo) ya Linux imawerenga zilembo zomwezo ngati sikiripiti n'kuiyambitsa. M'katimo muli makodi a x86-64 ndi a ARM64 pamodzi.

Pochenjera ndi apa. Imayenda pa 64-bit pokha. Fulashi ya FAT32 siisunga chilolezo choyendetsera pulogalamu, ndiye koperani fayiloyo pa kompyuta, muchite `chmod +x`. Ngati pa Linux pali Wine (yoyendetsera mapulogalamu a Windows), nthawi zina Wine ndiye amailanda chifukwa cha MZ ija. Zikatero yambitsani ndi `sh ./katundu.exe`. Laibulale iliyonse imene kapulogalamuko kakudalira iyenera kukompailidwa ndi cosmocc yomweyo. Kakanakhala ka mawindo a GTK kapena Qt sindikanakulangizani njirayi.

Achimwene a ku Makanjira

Pa makina atatu okha, ine ndikuona kuti n'kwabwino kukompaila katatu pa laputopu yomweyo. Windows: `x86_64-w64-mingw32-gcc`. Pi: `aarch64-linux-gnu-gcc -static`. Namwera: musl monga anenera mayi aja. Chikavuta mumadziwa pofufuza.

Koma chondidetsa nkhawa ndi deta ya katunduyo. Ngati kapulogalamuko kamalemba struct yonse ndi fwrite, dziwani kuti nambala ya mtundu wa long ndi mabayiti 8 pa Linux ya 64-bit koma 4 pa mingw. Fayilo yolembedwa ku Namwera ikawerengedwa ku boma, manambala a matumba a chimanga asokonekera popanda uthenga uliwonse wochenjeza. Gwiritsani int32_t kapena int64_t, ndipo tsegulani ndi "rb" ndi "wb", apo ayi Windows imawonjezera bayiti 13 patsogolo pa bayiti 10 iliyonse polemba.

Che Saidi, Mangochi boma

Zikomo nonse. Pa Pi `uname -m` ikuti aarch64. Ndiye kuti cosmocc itheka?

Bambo wa ku Mpondasi

Musadalire uname yokha, Che Saidi, imangonena za kenelo, phata la Linux. Pa Pi 4 kenelo itha kukhala ya 64-bit pomwe mapulogalamu ena onse ndi a 32-bit. Lembani `dpkg --print-architecture`. Ikati arm64, pitirizani. Ikati armhf (32-bit), chodalirika n'kuika Raspberry Pi OS ya 64-bit pa memori khadi ina, kapena kukompailira Pi payokha ndi `arm-linux-gnueabihf-gcc -static`. Pa armhf napo long ndi mabayiti 4, choncho konzani kaye struct ija musanatumize fulashi ku Monkey Bay.