Strelitzia ikuchita maluwa koma njere palibe

A Mbewe, Nkopola: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pa loji yomwe ndimasamalira maluwa tili ndi mzere wa Strelitzia, ija ena amati bird of paradise. Maluwa akutuluka bwino, achoso sasowa m'mawa, koma akauma ndimapeza makoko opanda kanthu. Abwana akufuna mbande zambiri ndipo zogula zakwera mtengo.

Mayi Chisale, Monkey Bay: Achoso asakunamizeni bambo. Nthawi zambiri amangomwa timadzi chakumbali, mungu osaukhudza. Kwawo ku South Africa duwali limadalira mbalame yolemererapo ngati tchete. Ikatera pa mbali ya buluu ya duwa yooneka ngati kamuvi ija, kamuviko kamakanuka chifukwa cha kulemera, mungu n'kumata kumapazi. Ikakatera pa duwa lina imasiya munguwo kunsonga kwa kamuvi, komwe kuli mbali yaikazi.

Che Jafali, Namwera: Mayi anena zoona. Koma ndifunse achimwene, mzere wonsewo mbewu yake inachokera kuti?

A Mbewe: Pa phata limodzi. Tinkangogawa likakula.

Che Jafali: Ndiye ngakhale tchete atabwera, njere zikhala zochepa, chifukwa mzere wonsewo ndi chomera chimodzi. Pezani mungu wa kwina. Sankhani duwa lomwe langotuluka kumene, kanikizani mapiko a kamuvi ndi chala, muona mungu woyera, wonanda ngati ulimbo. Utoleni ndi kamtengo ka machesi, mupake kunsonga kwa duwa lanu nsongayo ikadali yomata. Chitani m'mawa dzuwa lisanakwere. Ndipo muwauze anyamata odulira asadule mitu yofota ija, poti njere zimatenga miyezi 5 kapena 6 kuti zikhwime. Khoko likang'aluka lokha muona njere zakuda zokhala ndi kaubweya ka olenji.

Mayi Chisale: Kaubweyako muchotse, njere muviike m'madzi tsiku limodzi kapena awiri, mufese zikadali zatsopano. Kumera kumachedwa, mwezi umatha pali zii, musataye machubu. Chinanso, abwana muwauziretu kuti ya njere imayamba maluwa patapita zaka 3 mpaka 5. Ngati akufuna zachangu, pitirizani kugawa mapata, njerezo zikhale za mtsogolo.

A Mbewe: Zikomo kwambiri nonse. Nanga wa mungu ndani pafupi pano?

Mayi Chisale: Zanga ndinafesa ndekha, si za phata lanu. Kwerani minibasi Loweruka m'mamawa ndi kabotolo kouma, mukapake tsiku lomwelo.